Kwa makolo, pa lendi kapena pako: kuyerekeza kokhala munthu wamkulu pa msinkhu uliwonse

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalimo anthu opitirira 17.5 miliyoni, ndipo tikagawa mofanana, khomo lililonse linali ndi anthu 4.4, ndiye kuti anayi kapena asanu. Anthu 84 mwa 100 alionse anali kumudzi. Koma nambala yokha singakuuzeni kuti anthu anayi kapena asanuwo ndi ndani. Pakhomo pena ndi bambo, mayi ndi ana awo. Pena ndi agogo aakazi ndi zidzukulu zitatu. Pena ndi mnyamata wogwira ntchito ku Kanengo, mng'ono wake wa Fomu 3, ndi msuweni amene anabwera kudzasaka ntchito koma sanaipezebe.

Munthu wamkulu amakumana ndi funso la kokhala katatu: akamaliza sukulu, akalowa m'banja, ndiponso mphamvu zikayamba kuchepa. Ambiri poyankha amawerengera ndalama za lendi zokha, ena amangoopa kuti anthu aziti chiyani. Ine ndimayamba ndi mafunso ena awiri. Malo amene nyumbayo yaimapo ndi a ndani? Nanga pakhomopo pali mafuwa angati, amene amalamula za mphika ndani? Milandu yambiri ya pachibale imene imafika kwa ankhoswe ndi kwa anyakwawa, mukaitsata bwinobwino, gwero lake limakhala pa ziwirizi.

Ukamaliza sukulu

Kumudzi funsoli linayankhidwa kalekale. Mnyamata akasinkhuka ankaumba njerwa n'kumanga gowelo kapena mphala pambali pa nyumba ya makolo, atsikana n'kumakagona ku kuka kwa agogo. Nsima ankadya ya mayi ake, kumunda ankapita ndi onse, koma chitseko chinali chakechake. Dongosolo limeneli likugwirabe ntchito kulikonse kumene kuli malo ndi dothi loumbira, ndipo silidya ndalama ya pamwezi.

M'tauni zinthu n'zina. Taganizirani nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande kapena ku Mgona nthawi ya 9 koloko usiku. Tebulo likukankhidwira kukhoma, mipando ikusanjikizidwa, mphasa ndi matilesi zikuyalidwa pabalaza. Mnyamata wa zaka 26, dipuloma yake ili m'chikwama pansi pa bedi la makolo, akudikira kuti ana amalize kulemba za kusukulu kuti apeze pogona. M'mawa ayenera kukhala woyamba kudzuka kuti ena apeze podutsa popita kukasamba. Palibe walakwa apa, malo ndiwo achepa.

Kukhalabe kwa makolo ndiyo njira yotchipa kuposa zonse, makamaka chichokereni mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera motsatana. Wachinyamata amene sakulipira lendi akhoza kusunga mpamba wa geni kapena ndalama ya poloti. Koma zimapindula pokhapokha pakhale cholinga ndi pangano. Anene yekha kuti, "Amayi, mayunitsi a magetsi ndi thumba la makala zikhala zanga mwezi uliwonse." Amene amangodya osaponyapo kanthu amatengedwa ngati mwana ngakhale ndevu zili mbuu, ndipo mawu ake sawerengedwa. Winanso amene amapereka malipiro onse pakhomo sapeza mpata wotuluka, chifukwa banja lonse limazolowera kudalira iye.

Kukhala kwa achibale, kaya kwa amalume, kwa azakhali kapena kwa achimwene, ndi khomo limene anthu ambiri ochokera kumudzi analowera m'tauni. Kumeneko n'kumene umamva za ntchito, kudziwa njira za minibasi ndi kuzolowera moyo wogula chilichonse. Chovuta chake chimagwera kwambiri atsikana. Amene anatengedwa ndi lonjezo la sukulu ya zosokasoka amapezeka kuti akulera ana, kuchapa ndi kuphika chaka chonse popanda malipiro, ndipo sangadandaule chifukwa akudya za eni. Ngati mukutumiza mwana kwa mbale wanu, kambiranani poyera kuti akukachita chiyani ndipo kwa nthawi yaitali bwanji.

Lendi imapatsa ufulu, imaphunzitsanso mtengo weniweni wa moyo. Alandilodi ambiri amafuna ndalama ya miyezi itatu musanalowe, chimbudzi ndi bafa n'zogawana ndi mabanja ena, madzi ndi a pakiyosiki. Kwa amene ali ndi malipiro okhazikika, ine ndimalimbikitsa kugawana chipinda ndi mnzako wodalirika kwa chaka kapena ziwiri. Amene akudalira maganyu adikire kaye. Chimene chimandipweteka n'chakuti mtsikana akachita lendi yekha anthu amayamba kumunena, ndipo ena chifukwa cha manenedwe amenewa amathamangira banja pongofuna kutuluka pakhomo pothinana. Lamulo la maukwati la mu 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaletsa ukwati wa ana osakwana zaka 18, koma ngakhale wa zaka 22, kukwatiwa chifukwa chofuna chipinda ndi chiyambi chofooka cha banja.

Ukalowa m'banja

Apa m'pamene pali nkhani yaikulu, chifukwa chimene musankhe muli ndi zaka 25 n'chimene chidzakuuzeni kogona mukadzafika zaka 65.

Pakati pa Achewa, Ayao, Alhomwe ndi Amang'anja, mwambo wakale ndi chikamwini. Mwamuna amakamanga kwa mkazi, ana amakhala a mbumba ya kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndi amalume awo. Kwa mkazi, ubwino wake ndi waukulu kuposa mmene anthu a masiku ano amavomerezera. Akachira, mayi ake ndi azichemwali ake ali pompo. Mwamuna akayamba nkhanza, alongo ake amva usiku womwewo. Banja likatha, iye ndi ana sasuntha, munda ndi womwewo, sukulu ndi yomweyo. Mtolo umagwera mwamuna. Akulu anati mkamwini asamakule mwendo, ndipo amuna ambiri amawamva mawuwa tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake ena amazengereza kuwotcha njerwa, kukhoma malata kapena kubzala mitengo pamalo pamene akudziwa kuti mkazi akadzamwalira, kapena banja likadzatha, adzachokapo ndi bulangete lokha. M'maboma othinana monga Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu palinso vuto lina: munda wa amayi ukagawidwa kwa ana aakazi anayi, aliyense amatsala ndi kachigawo kosakwanira chakudya cha chaka.

Chitengwa chimatembenuza zonsezi. Mwamuna amapempha kwa akuchikazi kuti atenge mkazi apite naye kwawo, ndipo zafala kwambiri m'madera olima fodya a m'chigawo chapakati monga Kasungu, Dowa ndi Mchinji. Mwamuna amamanga ndi mtima wonse, amabzala mitengo, amakonza zigafa, chifukwa malo ndi a kwawo. Koma tsopano mlendo ndi mkazi. Ndipo chitengwa cha pakati pa Achewa chili ndi msampha umene ambiri sauona pa tsiku la chinkhoswe. Ana amawerengedwabe kuti ndi a kuchikazi. Mwamuna akamwalira, abale ake akhoza kuuza mtengwa kuti abwerere kwawo ndi ana ake, ndipo akafika kwawoko amapeza munda umene ukanakhala wake unagawidwa kale kwa azing'ono ake amene sanachoke. Wataya uku, wataya uko.

Kumene kuli malowolo, monga pakati pa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Angonde ndi Asena a ku Chikwawa ndi Nsanje, mkazi amapitanso kwa mwamuna, koma ana amakhala a kuchimuna. Ana amakhala ndi malo otsimikizika. Mayi wamasiye nthawi zambiri amakhalabe pamudzipo chifukwa cha anawo, koma akafuna kuchoka kapena kukwatiwanso kwina, nyumba ndi munda amazisiya, kawirikawiri ndi ana omwe.

Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linabwera kudzateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ndi lamulo labwino, aliyense alidziwe. Komabe nyumba sinyamulika. Ngati yamangidwa pakati pa mudzi wa eni, ndipo eniwo sakukufunani, chimene mungatenge ndi malata ndi mafelemu basi.

Banja loyambira pa lendi limapewa zonsezi kwa kanthawi. Kulibe mkamwini, kulibe mtengwa. Awiriwo amaphunzira kuthetsa nkhani zawo asanathamangire kwa ankhoswe, ndipo mkazi amaphika chimene wafuna pa nthawi imene wafuna. Vuto n'lakuti ndalama ya lendi ikapita yapita. Ntchito ikatha kapena wopeza ndalama akamwalira, landilodi sadikira miyezi yambiri, ndipo funso lija limabweranso: tikupita kwa ndani, kuchimuna kapena kuchikazi?

N'chifukwa chake pa njira zonsezi ine ndimaika patsogolo poloti yogula awiri, ngakhale ikhale yaing'ono, ngakhale ikhale kutali ndi msewu wa tala. Ndi malo okhawo pamene mwamuna ndi mkazi onse ndi eni, ndipo ana sadzafunsidwa kuti kwanu n'kuti. Sikuti ilibe zoopsa. M'mphepete mwa mizinda, kumene anthu amagula malo kudzera kwa mafumu, poloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu awiri. Lemberanani, pakhale mboni, mfumu idinde, ndipo papepalapo palembedwe mayina a nonse awiri. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo, choncho kumene ntchitoyi yafika musazengereze. Yang'ananinso pamene malowo ali. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, chimene chimachitika ndi nyumba zomangidwa motsetsereka ndi m'njira za madzi. Poloti yotchipa pamalo otero ndi yodula kuposa lendi. Mukapeza malo abwino, yambani ndi zipinda ziwiri kumbuyo, lowanimo, ndalama imene ikanapita kwa landilodi izigula simenti.

Njira imene ndimaletsa ndi mtima wonse, pokhapokha ngati palibiretu kochitira, ndi yolowetsa banja latsopano m'nyumba ya makolo, denga limodzi, mphika umodzi. Makolo athu ankakhala pafupi, inde, koma mkamwini ankamanga nyumba yake, ndipo pakapita nthawi banja linkapatsidwa munda ndi nkhokwe yake. Ngakhale mwambo wopewana ndi apongozi unkathandiza kuti ulemu usathe. Lero mupeza mtengwa ndi apongozi ake aakazi akugawana mbaula imodzi m'khonde, wina akuti mafuta achuluka m'ndiwo, wina akuwerenga masupuni a shuga, mwamuna ali pakati osadziwa woti amuikire kumbuyo. Anthu abwinobwino amadana chifukwa cha zinthu zazing'ono ngati zimenezi. Ngati mukukhala pa poloti ya makolo, mangani kanyumba kanu kumbuyo ndipo muziphika panokha, mbale ya ndiwo izingodutsa pakati mwa chikondi.

Zaka za pakati

Kuyambira zaka 35 mpaka cha m'ma 50, munthu sasankhanso kwenikweni kokhala. Ena ndi amene amasankha kudzakhala kwa iye. Ana a malemu achemwali, mlamu wodikira zotsatira za mayeso, wodwala amene watumizidwa ku chipatala chachikulu, onse amafikira pakhomo pa amene ali pantchito. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ambiri a ife tinaphunzira chifukwa wina anatitsegulira chitseko. Chimene ndimaona n'chakuti nthawi zina kulipirira mwana fizi ali kwawo, kapena kumugoneka kusukulu yogonera komweko, kumathandiza kwambiri kuposa kumuwonjezera pabalaza podzaza kale. Ndipo mbale asabwere mkazi kapena mwamuna wa pakhomopo asanavomere.

Palinso mabanja okhala pawiri, bambo ku Joni, mayi ndi ana ku Mzimba, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Si zachilendo. Agogo athu ankapita kumigodi kudzera ku Wenela mpaka mu 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo. Lero ndalama zimafika pa foni tsiku lomwelo, nyumba zamalata zikumangidwa. Funso loti mufunse ulendo usanayambe ndi lakuti ndalamazo zizifikira m'manja mwa ndani. Mkazi wosiyidwa pamudzi wa apongozi, amene amachita kupempha ya sopo kwa alamu ake pamene mwamuna wake ndi amene watumiza, amakhala pa mavuto amene akanapeweka ndi mawu ochepa.

Mphamvu zikachepa

M'dziko muno okalamba ambiri alibe penshoni. Lamulo la penshoni limakhudza olembedwa ntchito, bwana kuponya 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, koma mlimi, wogulitsa pamsika ndi wa kabaza mulibemo. Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imafikira mabanja ovutikitsitsa opanda wogwira ntchito, pafupifupi khomo limodzi mwa khumi alionse. Otsalawo amadalira ana ndi khasu. Choncho funso loti amayi kapena abambo akakhale kuti limagwera ife.

Ana ambiri akapeza bwino amafuna kuwatenga makolo n'kupita nawo m'tauni, ndipo cholinga chake ndi chabwino. Chipatala chili pafupi, mankhwala a BP ndi shuga sadumphadumpha, chakudya chilipo. Koma kaoneni tsiku lawo mmene limathera. Pofika hafu sikisi m'mawa onse atuluka, geti latsekedwa. Agogo akhala pakhonde kuyang'ana mpanda wa njerwa, wailesi ili pambali. Zidzukulu zikabwera zikuyankhula Chingerezi ndi kuyang'ana pa foni. Kumudzi kwachitika maliro a mnzawo wa chinamwali chimodzi, amva patapita masiku atatu. Munthu amene kwawo ankaweruza nkhani, kulangiza anamwali ndi kusunga mbewu, kuno akufunsa chilolezo kuti atuluke. Posakhalitsa mumva akuti, "Mwanangu, ndiperekeze kwathu, mbuzi zanga zikuvutika." Nkhani sikhala ya mbuzi zokha.

Kuwasiya kumudzi kumasunga ulemu wawo, anzawo, mpingo wawo ndi munda wawo. Kwa okalamba amene akuyendabe okha, ndimaona kuti njira imeneyi ndiyo yabwino, bola pakhale zinthu zitatu: mbale wamkulu wokhala pafupi moti akhoza kumva akaitana usiku, nyumba yosadontha yokhala ndi chimbudzi chapafupi, ndi thandizo lofika mwezi ndi mwezi, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka. Mabanja ena amachita mogawa chaka. Nthawi yolima makolo amakhala kwawo, akakolola amabwera m'tauni mwezi umodzi kapena iwiri kudzapuma ndi kudzaonana ndi adokotala. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa okalambawo amabwera ngati alendo olemekezeka, tsiku lobwerera akulidziwa.

Koma kumudzi kuli choopsa chimene sitiyenera kuchibisa. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti, mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Nkhani zotere zikumvekabe chaka ndi chaka, ndipo bungwe la MANEPO, loyankhulira anthu okalamba, lakhala likudandaula nazo. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Koma usiku wa chipwirikiti, chimene chimateteza gogo ndi kukhala ndi anthu ake pafupi. Amene amalozedwa chala kawirikawiri ndi wokhala yekha, wopanda womuyankhulira, kapena amene munda wake ena akuusirira. Enanso ndi odwala matenda oiwalaiwala a ukalamba, amene amasochera usiku n'kupezeka pakhomo pa eni. Kholo likayamba kuiwala mayina a ana ake kapena njira ya kwawo, nthawi yokhala lokha yatha.

Kutumiza mdzukulu kuti akakhale ndi agogo ndi mwambo wakale, ndipo umakoma pamene agogowo ali ndi mphamvu: mwana amatunga madzi, agogo amamulera. Pa zaka zimene Edzi inatenga makolo ambiri, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, agogo ndi amene anasunga mtundu. Koma zisatembenuke kuti mwana wa zaka 12 ndiye akhale namwino. Sangathe kunyamula munthu wamkulu, ndipo sukulu yake ndi imene imafa. Kulemba wantchito wowasamalira kuli bwino kuposa pamenepo, ngati pali mbale woyang'anira. Nyumba zosungirako okalamba, zonga zimene abale athu ena akugwiramo ntchito ku Britain, kuno n'zochepa kwambiri moti mabanja ambiri sangaziwerengere n'komwe.

Pali anthu awiri amene amavutika mwapadera pa msinkhu umenewu. Woyamba ndi bambo amene anakhala pa chikamwini zaka 40, mkazi wake n'kutsogola. Ana akakhala olimba mtima amamusunga, koma akapanda kutero amabwerera kumudzi kumene anachoka ali mnyamata, kwa ana a alongo ake amene sakumudziwa bwino. Wachiwiri ndi wantchito amene wapuma ali ndi zaka 60, nyumba ya kuntchito n'kubweza, kumudzi sanamangeko ndipo kumaliro sankapitako. Onsewa akanathandizika ndi kapoloti kogula ali ndi mphamvu, kapena ndi ubale wosamalidwa zaka zonsezo.

Pamapeto pake imafika nthawi imene kholo silingadzuke lokha pamphasa. Apa zokhala payekha zatha, pafunika denga limodzi ndi munthu wogona pafupi. Kawirikawiri mtolo umenewu umagwera mwana wamkazi mmodzi, amene amasiya geni yake ndi munda wake, pamene ena amangoimba foni kufunsa kuti agona bwanji. Abale khalani pansi nthawi imeneyi isanafike, kholo lenilenilo lilipo ndipo likuyankhula, munene kuti adzakhala kwa ndani, za mankhwala ndi thiransipoti ya kuchipatala adzapereka ndani, ndipo ndani adzabwera kudzalandira mnzake kuti akapume. Amene akusunga wodwalayo asapemphedwenso ndalama, ndipo ngati wasiya ntchito yake chifukwa cha zimenezi, enawo azimupatsa kanthu pamwezi kuti ana ake nawonso adye ndi kupita kusukulu.